Kakonzedwe ka wrap kunyumba: chapati chofewa, zam'kati zosachucha

Wrap ndi buledi wopyapyala, wofewa, amene mwakulungamo ndiwo, masamba ndi chopaka pang'ono, n'kumadyera m'manja popanda mbale. Mitundu yambiri ya anthu ili ndi yakeyake. Ku Mexico amakulunga nyemba ndi nyama mu tortilla, ku Lebanon ndi maiko oyandikana nako amaika nyama ya shawarma mu pita, ku Armenia kuli lavash, ndipo ku Uganda m'misewu mumagulitsidwa rolex, yomwe ndi chapati chokulungamo mazira okazinga, kabichi ndi tomato. Kwa ife chapati ndicho chili pafupi, chifukwa fulawa, mafuta ndi chiwaya zimapezeka paliponse, ndipo uvuni sufunika.

Wrap imalephereka pa zifukwa zikuluzikulu ziwiri. Choyamba ndi buledi wouma amene amathyoka mukangompinda. Chachiwiri ndi madzi: tomato wachucha, kabichi watulutsa madzi ake, msuzi wa nyemba walowerera, ndipo pofika masana mwatsala ndi phala m'pepala. Mukagonjetsa ziwirizi, zotsalazo ndi nkhani ya kukonda kwanu.

Buledi wake akhale uti

Fulawa yoyera imapereka chapati chofewa kwambiri, koma popera tirigu amachotsa madeya ndi kamtima ka njere, komwe kumakhala mavitamini ambiri ndi zija zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Ndi nkhani yomweyi ya ufa woyera ndi mgaiwa. Fulawa ya tirigu wosachotsa madeya, imene pa paketi amalemba kuti whole wheat, imakhutitsa nthawi yaitali, koma chapati cha fulawa imeneyi payokha chimalemera ndipo chimakonda kung'aluka m'mphepete. Njira yabwino ndi kusakaniza theka ndi theka. Mukazolowera kakandidwe kake mukhoza kukweza ya bulauniyo kufika magawo awiri mwa atatu.

Ambiri amafunsa ngati angapange wrap ya mgaiwa wokhawokha, poti ku Mexico tortilla ndi wa chimanga. Sizitheka, ndipo chifukwa chake n'chakuti tirigu ali ndi gluten, chinthu chimene chimatamuka ngati mphira ufa ukanyowa ndi kukandidwa, pamene chimanga chilibe. A ku Mexico amayamba aphika chimanga chawo m'madzi a laimu, ufa woyera uja osati chipatso, asanachipere, ndipo zimenezo ndi zimene zimachititsa kuti ufa wake ugwirane. Mgaiwa wathu wa kuchigayo sunadutse m'njira imeneyo. Mukhoza kuuthira kuti upereke kafungo ka chimanga, koma usapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a ufa wonse, ndipo muyambe mwausefa.

Ngati mukugula ma wrap opangapanga m'sitolo, musanyengedwe ndi mtundu. Buledi wa bulauni sikuti nthawi zonse ndi wa tirigu wathunthu, ndipo ma wrap obiriwira olembedwa kuti ndi a sipinachi kawirikawiri amakhala fulawa yoyera yomweyo yothirako timasamba tochepa kapena utoto. Tembenuzani paketi muwerenge mndandanda wa zimene aikamo. Chimene chatchulidwa poyamba ndicho chachuluka, choncho mawu akuti whole wheat kapena wholemeal akhale oyambirira. Kenako onani mzere wa fibre, zija zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino: magalamu 6 kapena kuposerapo pa magalamu 100 aliwonse ndiye kuti wachuluka bwino. Mzere wachitatu ndi wa mchere. Mapaketi ena salemba mchere koma sodium, ndipo kuti mupeze mchere muchulukitse nambalayo ndi 2.5, mamiligalamu 400 a sodium ndi galamu imodzi ya mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi yokha. Buledi wa m'paketi akhoza kudya gawo lalikulu la muyezo umenewu musanaikemo ndiwo n'komwe. Wopanga nokha, mchere mumauyeza nokha.

Chapati cha pamsika chija chonyezimira mafuta, chokhala ndi timagawo tosendeka, n'chokoma ndi tiyi koma si cha wrap. N'chokhuthala, chimaterera m'manja, ndipo chopaka sichigwirapo.

Kukanda ndi kuphika

Muyezo uwu ukupatsani machapati 8 otambalala masentimita 22 mpaka 24, kukula kwa mbale yodyera. Kapu yomwe tikunena ndi ya mamililita 250, yodzaza mosapsinja.

- Fulawa yoyera, kapu imodzi ndi theka
- Fulawa ya bulauni, kapu imodzi ndi theka
- Mchere, magawo atatu mwa anayi a supuni yaing'ono
- Mafuta ophikira, masupuni aakulu 3
- Madzi ofunda, kapu imodzi, ndi masupuni aakulu 2 apadera

Mcherewu ukagawidwa pa machapati 8, chilichonse chimakhala ndi pafupifupi theka la galamu. Yisiti safunika. Bekingipauda ena amathira theka la supuni yaing'ono kuti chapati chifufumeko pang'ono, koma mukhoza kumusiya.

1. Sakanizani fulawa zonse ziwiri ndi mchere m'beseni. Thirani mafuta n'kufikisa ndi zala mpaka ufa uoneke ngati mchenga wonyowa. Mafuta akakuta ufa choyamba, chapati chimatuluka chofewa ndipo sichiuma msanga.

2. Thirani madzi pang'onopang'ono uku mukusonkhezera ndi dzanja. Madziwo akhale ofunda moti chala chikhoza kukhalamo osapsa. Masupuni awiri apadera aja ndi a madeya, omwe amamwa madzi kuposa fulawa yoyera. Athireni pokhapokha mukaona kuti pansi pa beseni patsala ufa wouma.

3. Kandani patebulo loyera kwa mphindi 8. Kankhani ndi chikhatho, pindani, tembenuzani, kankhaninso. Poyamba ufa umamata m'manja ndipo mtima umafuna kuwonjezera fulawa. Pirirani kaye. Pakatha mphindi zinayi umasiya wokha kumata. Ufa wokandika bwino umasalala, umafewa ngati nsonga ya khutu, ndipo mukautobwanya ndi chala dzenjelo limabwerera pang'onopang'ono.

4. Gawani mipira 8 yofanana, uliwonse wokula ngati dzira lalikulu la nkhuku kapena kuposerako pang'ono, pafupifupi magalamu 80. Ipakeni timafuta, ivundikireni ndi nsalu yonyowa kapena mbale, muisiye mphindi 30. Apa ndi pamene ambiri amadumpha chifukwa cha changu, ndipo ndi pamene pagona kufewa konse. Gluten amene mwamulimbitsa pokanda amafunika apume. Mukapanda kudikira, ufa umabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse mukautambasula, ndipo mumathera pa chapati chaching'ono chokhuthala.

5. Wazani fulawa pang'ono patebulo. Phwatalitsani mpira ndi chikhatho, kenako tambasulani ndi mtengo wopinira kapena botolo lagalasi losalala lomwe mwachotsa pepala. Yambirani pakati kupita kunja, tembenuzani pang'ono, pakati kupita kunja, mpaka chipyapyale moti mukachinyamula mthunzi wa zala uzionekera. Sansani fulawa yotsalira pamwamba, chifukwa imapserera pachiwaya n'kuwawitsa chapati.

6. Tenthetsani chiwaya chouma, chopanda mafuta. Chachitsulo chokhuthala ndicho chabwino poti chimasunga moto mofanana. Pambaula dikirani makala asiye malawi, akhale ofiira okutidwa ndi kaphulusa. Kuti mudziwe ngati chatentha, donthezani madzi: dontho lizivina n'kuuma m'kanthawi kochepa.

7. Ikani chapati. Pakatha masekondi 40 mpaka 60 muona matuza akutukumuka pamwamba, tembenuzani. Mbali yachiwiri imafuna theka la mphindi kapena kuposerako pang'ono. Chapsa chikakhala ndi timadontho tabulauni apo ndi apo, chonsecho chikadali choyererako. Musadikire kuti chifiire paliponse.

8. Chotsani n'kuchiika pakati pa nsalu yoyera yopindidwa, ndipo zotsatirazo muzisanjikiza pomwepo, nsalu ili chivundikirire. Nthunzi imene zimatulutsa ndiyo imamaliza kuzifewetsa. Chapati chosiyidwa poyera pamphepo chimauma m'mphindi zochepa.

Chikatuluka cholimba ngati bisiketi, moto unachepa ndipo chinakhalitsa pachiwaya mpaka madzi onse anatha, kapena ufa unali wouma kuyambira pokanda. Chikapserera madontho akuda pamene pena pakadali paiwisi, moto wachuluka. Chotsani chiwaya pambaula kwa mphindi imodzi kapena phulaniko makala. Chikang'aluka m'mphepete potambasula, ufa wa bulauni sunamwe madzi okwanira: nyowetsani manja, kandaninso mpirawo pang'ono, muusiye mphindi 10. Chikamatafunika ngati mphira, mwina mwachisiya chokhuthala, mwina simunaupumitse ufa. Chapati choyamba nthawi zambiri sichituluka bwino chifukwa chiwaya chimakhala chisanakhazikike moto. Chimenecho ndi cholawa wophika.

Pali njira ina yabwino koposa kwa amene ali ndi mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika kapena Kaphulira. Mbatata imeneyi ili ndi chinthu chimene thupi limachisandutsa vitamini A, ndipo m'chapati imagwira ntchito ina: imasunga chinyezi, moti chapati chimakhalabe chofewa ngakhale mawa lake. Phikani mbatata ndi makoko ake, isendeni, ipondeni mpaka pasakhale mibulu, ndipo muyeze kapu imodzi. Sakanizani ndi makapu awiri ndi theka a fulawa, mchere womwe uja ndi masupuni aakulu 2 a mafuta. Madzi musathire msanga, chifukwa mbatata imabwera ndi madzi ake. Yambani ndi masupuni aakulu 3 n'kumawonjezera supuni imodzi imodzi. Chepetsaniko moto pophika, poti shuga wa m'mbatata amapserera mofulumira.

Zoika m'kati

A zaumoyo m'Malawi amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Wrap imodzi ikhoza kunyamula magulu asanu mosavuta, ndipo lachisanu ndi chimodzi ndi nthochi kapena bango lodyera pambali. Chapati chatenga kale malo a zokhutitsa, choncho kuikamonso tchipisi kapena mpunga, monga amachitira ena ogulitsa shawarma, n'kungobwereza gulu lomwelo. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi uwu: zam'kati zonse zisapitirire kapu imodzi pa chapati chimodzi, ndipo theka la kapuyo likhale masamba.

Nyemba ndizo zotsika mtengo, zokhutitsa, komanso zimamata bwino zinthu zina kuti zisagwe. Vuto lake ndi msuzi. Tengani makapu 2 a nyemba zophikaphika, tsanulani msuzi wonse muusunge. Kazingani anyezi mmodzi ndi adyo m'supuni yaikulu imodzi ya mafuta, thirani nyembazo, zipondeni ndi mthiko pamoto mpaka mukadutsitsa mthikowo pansi pa poto njira yake izitsala yosatsekeka. Zikauma kwambiri bwezeranimo supuni imodzi kapena ziwiri za msuzi uja. Malizani ndi madzi a theka la ndimu. Ndimuyo si yokometsera chabe. Vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba, pamene tiyi womwera pomwepo amachepetsa kuyamwako. Khobwe, nandolo ndi nzama zimatheka chimodzimodzi. Makapu awiriwa akukwanira ma wrap asanu.

Nkhuku imakoma ikakhala yowotcha, osati yamsuzi. Tengani zidali ziwiri zopanda mafupa, zimenyeni ndi botolo mpaka zikhale zokhuthala ngati chala chaching'ono paliponse, kuti zipse mofanana. Zinyikeni kwa mphindi 30 m'madzi a ndimu imodzi, adyo wosinja, supuni yaikulu ya mafuta, kamchere ndi tsabola. Wotchani pachiwaya chotentha mphindi 5 kapena 6 mbali iliyonse. Yapsa mukaidula pakati n'kupeza yoyera yonse, madzi ake osafiira. Amene ali ndi choyezera kutentha aone kuti pakati pafika madigiri 75. Isiyeni mphindi 5 musanaidule, apo ayi madzi ake onse athera pathabwa kapena m'chapati. Iduleni timizere topyapyala mopingasa minyewa. Nkhuku yotsala dzulo imathekanso, bola inagona m'furiji ndipo mwaitenthetsa mpaka kutulutsa nthunzi. Thabwa ndi mpeni zimene zakhudza nkhuku yaiwisi zisakhudze masamba musanazitsuke ndi sopo.

Mazira ndiwo achangu. Menyani awiri pamodzi ndi anyezi ndi kabichi wodula bwino, thirani pachiwaya chopaka timafuta, ndipo pamwamba pakadali ponyowa pang'ono vundikirani chapati. Dzira limamatirira ku chapaticho. Tembenuzani zonse pamodzi, dikirani theka la mphindi kuti dzira lipse ndithu, ikani tomato, kulungani.

Usipa wouma anthu sauganizira pa wrap, koma umayenera, ndipo poti umadyedwa ndi minga yomwe umapereka kashiamu wolimbitsa mafupa. Dulani mitu kuti usawawe, unyikeni m'madzi ofunda mphindi 10 kuti mchenga ndi mchere zichoke, uumitseni pansalu, kenako kazingani m'mafuta ochepa mpaka ukhale wokhukhuta. Musauthire tomato pamoto monga tichitira pokonza ndiwo za nsima. Uikeni wouma choncho pamwamba pa peyala wopondaponda, ndimu ndi tsabola wa kambuzi pang'ono. Chambo kapena mlamba wowamba nazonso zimatheka, koma fufuzani minga ndi zala kachidutswa kalikonse, chifukwa munga wobisika m'wrap suoneka mpaka utabaya.

Soya pisesi anyikeni m'madzi otentha mphindi 10, afinyeni zolimba m'manja, kenako akazingeni ndi anyezi mpaka afiire. Amene amabwera ndi zokometsera m'paketi amakhala ndi mchere kale, choncho musawonjezere wina musanalawe.

Poloni, soseji ndi nyama zina zokonzedwa ku fakitale n'zosavuta, koma zisakhale za tsiku ndi tsiku. Zimakhala ndi mchere ndi mafuta ambiri, ndipo mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika nyama zoterezi m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo. Palinso nkhani ya majeremusi: mliri wa listeriosis, matenda obwera ndi jeremusi ya m'chakudya, umene unabuka ku South Africa mu 2017 ndi 2018, n'kupha anthu oposa 200, unachokera mu poloni. Jeremusi imeneyi imaswana ngakhale m'furiji. Amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika asadye nyama zotere zosatenthetsa.

Tsopano masamba, omwe ndi gwero la madzi ambiri. Lililonse lili ndi kachitidwe kake. Kabichi muduleni mopyapyala kwambiri, muwazeni kamchere kotapa ndi zala zitatu, mufikiseni, mudikire mphindi 10, kenako finyani. Mudabwa madzi amene atuluke m'kabichi wooneka wouma. Tomato mudule pakati, chotsani njere ndi madzi ake ndi supuni, mugwiritse ntchito mnofu wokha. Nkhaka chimodzimodzi. Karoti mupale pa gireta, ndipo iyeyu savuta. Anyezi waiwisi mumunyike m'madzi a ndimu mphindi 10 kuti ukali uchepe. Letesi atsukidwe n'kupukutidwa tsamba lililonse mpaka liume.

Masamba athu a kudimba amaposa letesi pa zofunika m'thupi. Bonongwe, chisoso, nkhwani wosadzula bwino, mpiru kapena kholowa, ziwiritseni m'madzi ochepa owira kwa mphindi 2 kapena 3 zokha, popanda soda, chifukwa soda amawononga mavitamini ena. Tsanulani, dikirani zizizire, finyani m'manja mpaka zikhale kampira kouma, kenako duladulani. Nkhwani wotendera wotsala pa nkhomaliro, ngati ndi wolimba wosachita madzi, amakoma kwambiri m'wrap pamodzi ndi dzira lowiritsa.

Masamba odya aiwisi atsukeni ndi madzi otetezedwa, owiritsa n'kuzizira kapena othira klorini monga WaterGuard. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kuti madzi ooneka oyera si onse abwino. Nyengo ya mvula, kapena kudera kumene kwamveka matendawa, ndi bwino kungogwiritsa ntchito masamba ophika.

Chopaka

Chopaka chili ndi ntchito ziwiri: kukometsa, ndi kutchinga kuti madzi a masamba asafike pa chapati. N'chifukwa chake chiyenera kukhala cholimba, chokhala ndi mafuta pang'ono. Mayonezi amagwira ntchitoyi, koma ndi mafuta pafupifupi okhaokha. Ngati mumawakonda, supuni yaing'ono imodzi yosakaniza ndi yogati yakwana.

Peyala ndiye mfumu ya zopaka nthawi yake ikafika. Theka la peyala lopondedwa ndi foloko, madzi a ndimu supuni yaing'ono imodzi kuti lisade, ndi kamchere, zikwanira ma wrap awiri. Chambiko cha m'sitolo kapena yogati wopanda shuga zimathekanso mukazichotsa madzi: yalani nsalu yoyera pasefa, thirani kapu imodzi, ikani m'furiji maola awiri kapena atatu mbale ili pansi. Chotsala pansalupo chimakhala cholimba ngati tchizi wofewa. Sakanizani ndi adyo wosinja ndi ndimu. Chiponde nacho chimapanga chopaka chabwino cha nkhuku ndi kabichi: masupuni aakulu 2 a chiponde, imodzi ya madzi a ndimu, awiri kapena atatu a madzi ofunda, ndi madontho a Nali kapena tsabola wina. Poyamba chimaoneka ngati chadukaduka, pitirizani kutakasa chisalala. Ngati mukusinja nokha, sankhani mtedza bwinobwino, mutaye wonyala, wobooka ndi wachuku, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi kukazinga.

Kusanja ndi kukulunga

Chapati chozizira chimathyoka, choncho chitenthetseni pachiwaya chouma masekondi 15 mbali iliyonse musanayambe. Zam'kati zotentha, monga nyemba ndi nkhuku, zisiyeni zipole kaye ngati wrapyo ndi yonyamula. Nthunzi yotsekeredwa m'kati imasanduka madzi.

Yalani chapati pathabwa. Pakani supuni yaikulu imodzi ya chopaka paliponse, kusiya m'mphepete mwa zala ziwiri. Pamwamba pake yalani chouma kwambiri mwa masamba anu, letesi kapena kabichi wofinya, kuti chikhale ngati mphasa. Kenako nyemba, nyama kapena nsomba. Zonyowa, monga tomato ndi anyezi, zibwere pomalizira kuti zikhale pakati penipeni, kutali ndi buledi. Zonsezi musaziunjike pakati pa chapati ayi. Zikhale mzere wopingasa m'munsi pang'ono mwa pakati, cha kumene mwaima, ndipo kumanja ndi kumanzere kutsale malo a zala zitatu.

Pindirani m'kati mbali ya kumanja ndi ya kumanzere kuti ziphimbe nsonga za mzerewo. Mutagwira mbalizo ndi zala, nyamulani mphepete ya kufupi ndi inu ndi zala zazikulu, muiwolotse pamwamba pa zam'kati. Apa pali kachinsinsi: musanapitirize, kokerani zam'katizo kwa inu ndi nsonga za zala kuti zithinane pansi pa chapati, monga muchitira pokulunga mphasa kuti isakhale yakhwekhwe. Ndiye gubuduzani mpaka kumapeto, mukubwezera m'kati mbali zikafuna kutseguka. Igonekeni msoko uli pansi.

Kuti msoko ugwire, ikani wrap pachiwaya chotentha msokowo uli pansi kwa mphindi imodzi, mutembenuze theka la mphindi. Kunja kumakhukhuta pang'ono, m'kati masamba osafota. Dulani pakati mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, mocheka osati mopsinja.

Ikaphulika pakati, mwadzazitsa. Chotsani supuni ziwiri, ndipo ulendo wina muyeze ndi kapu. Ikamatayikira pansi, mbali simunazipinde mokwanira kapena chapati chachepa. Chosafika masentimita 20 musalimbane nacho, ingopindani pansi pokha n'kusiya pamwamba potseguka. Ikamasuka m'manja mukudya, simunakokere zam'kati pokulunga. Kukulunga theka la m'munsi ndi pepala loyera la kukhitchini kapena foyilo kumathandiza, makamaka kwa ana. Nyuzipepala ayi, inki yake imalowa m'chakudya.

Kunyamula ndi kusunga

Machapati opanda kanthu, akazizira bwinobwino, aikeni m'jumbo yoyera yomanga kukamwa. Amakhala masiku awiri pamalo ozizira, kapena masiku anayi m'furiji. A mbatata asungeni m'furiji kuyambira tsiku loyamba chifukwa amachita nkhungu msanga. Mufiriza amakhala miyezi iwiri mukalekanitsa chilichonse ndi kapepala, ndipo safuna kusungunula: kuchoka mufiriza kupita pachiwaya. Chimene chaumako chiwazeni timadzi ndi zala musanachitenthetse.

Wrap yokulungakulunga ndi nkhani ina. Ya nkhuku, mazira, nsomba, nyemba kapena chambiko isakhale kunja kwa furiji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, monga zimakhalira mu Okutobala ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, ola limodzi lokha. Wopita kuntchito aike botolo la madzi oundana m'chikwama pambali pa wrap. Pofika masana chakudya chikadali chozizira ndipo madzi akumwa asungunuka. Kumene kulibe furiji, kapena magetsi akhala akuzimazima, nyamulani zinthu padera: machapati m'nsalu, kabichi ndi karoti m'kontena, peyala ndi tomato zosadula, dzira lowiritsa losasenda, n'kukakulunga nthawi yodya.

Kwa mwana wa sukulu amene chakudya chake chikhale m'chikwama kuyambira m'mawa, sankhani zosaonongeka msanga. Pakani chiponde chosasungunula supuni yaikulu imodzi pa chapati cha mbatata, wazani karoti wopala, ikani nthochi yathunthu yosenda m'mphepete, gubuduzani, mudule zidutswa zinayi. Nthochiyo ikhale yakupsa koma yolimba, chifukwa yofewetsa imasanduka uchi ikatenthedwa m'chikwama. Amene ana awo akuphunzira ku Britain afunse kaye kusukulu, poti sukulu zambiri kumeneko siziloleza chakudya cha mtedza chifukwa cha ana amene thupi lawo limadana nawo. M'malo mwa chiponde apake tchizi wofewa, n'kuika botolo la madzi oundana pambali pake.